Mabanzi a Mlamu Wanga

Ku Chinyunyu aliyense ankadziwa kuti ndine wozungulira mutu, ndipo amene anafalitsa mbiri imeneyi ndi mlamu wanga, mlongo wamkulu wa mwamuna wanga. Sindikunena kuti ankanama kotheratu. Zaka zimenezo ndinkaiwala mochititsa manyazi. Ndinkafika kudimba n'kuima pakati pa mizere ya repu osadziwa chimene ndadzera. Ndinkathira mchere kawiri m'ndiwo, tsiku lina osathira n'komwe. Munthu akamandilankhula ndinkamva mawu ake onse, koma kuti ndiwalumikize akhale nkhani zinkandikanika. M'mutu mwanga munkakhala ngati pakasupe wathu wa madzi otentha m'mawa wa nyengo yozizira, nthunzi yokhayokha, munthu ali pafupi koma osamuzindikira nkhope. M'mimba namo munali nkhondo yake, kutupa, kutsegula, ndi kutopa kosatha ngakhale nditagona bwanji. Kukiliniki anandipatsa mankhwala a malungo, a njoka za m'mimba ndi owonjezera magazi, koma ndinkangoondabe.

Ine kwathu ndi ku Katete. Ndinabwera kuno ndi ukwati, abale anga onse ali kutali. Mwamuna wanga ndi mlonda ku Lusaka, amabwera mwezi ukatha, ndipo chibadwire sanatsutsepo mlongo wakeyo ngakhale pa nkhani ya nkhuku. Mayi ameneyu anali ndi kantemba, kagolosale kamatabwa m'mbali mwa msewu waukulu, pamene mabasi opita kummawa amaima. Ankaphika mabanzi mu uvuni wa dilamu, ndi vitumbuwa vokoma zedi, zimenezo sindingamunamizire. Analinso wapampando wa amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu, munthu wa mawu ofewa ndi pemphero lalitali.

M'mawa uliwonse ankabwera kwathu ndi mabanzi otentha m'kambale kovundikira.

"Ba mulamu, mwauka bwanji? Nabweretsako tumabanzi, mudye na tiyi. Mwayonda maningi."

Ndinkadya, ndinkathokoza, mudzi wonse unkamutamanda. Ndinene pompano kuti wina asadzandipotozere nkhani: m'mabanziwo munalibe mankhwala. Munali fulawa, shuga, yisiti ndi mafuta basi. Mlandu wa mlamu wanga ndi wina. Anatenga mwana wanga.

Ndili ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo nthawiyo anali mu giredi folo. Tsiku lina ndinasiya phala pambaula n'kupita kumjigo, n'kuiwaliratu. Mphika unapserera, utsi unadzaza khitchini, moto unanyambita udzu wa padenga anansi n'kuuzimitsa. Madzulo ake mlamu anaimbira foni mchimwene wakeyo ine ndili pomwepo, n'kumuuza kuti mwana adzapsera m'nyumba.

"Azankala na ine mpaka mutu wa amake ukankale bwino," anatero.

Pamwambo wathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume anga akanakhala pafupi sizikanatheka. Koma anali kutali, ine ndinalibe mawu, ndipo mwana ananyamula kachikwama kake n'kuwoloka msewu akundicheukira.

Nyumba ya mlamu siili patali. Ndinkapitako. Ndikafika ankandichingamira pakhomo n'kundiuza kuti mwana wapita kukatunga madzi, kapena wagona, kapena akuwerenga. Kenako anapeza bodza limene mpaka lero ndikalikumbukira mano amalumana okha.

"Ah, ba mulamu, si munabwela mailo? Munankala naye tsiku lonse. Mwaibala futi?"

Ndinkaima pamenepo n'kufunafuna m'mutu dzulo limenelo osalipeza. Ndiye poti ndinkaiwala zina zonse, ndinkakhulupirira kuti ndaiwalanso limeneli. Ndinkapepesa n'kubwerera. Kangapo konse ndinapepesa kwa mayi ameneyu chifukwa chofuna kuona mwana wanga. Manyazi anandigwira, ndinayamba kuopa kupitako pafupipafupi kuti anthu angandiseke, ndipo miyezi inasanduka zaka ziwiri mwana ndikumuonera patali kutchalitchi, atakhala kutsogolo pambali pa azakhali ake.

Chimene chinandipulumutsa ndi matenda a mayi anga. Anandiitana ku Katete nthawi yokolola kuti ndikawadwazike, ndipo ndinakhalako nthawi yaitali ndithu. Kumudzi kwathu golosale ili kutali, buledi amadya pa Khirisimasi. Tinkadya mbatata, maungu, chinangwa, nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera. Sindinaganizepo kanthu. Ndinangoona kuti m'mimba mwakhala bata. Kenako tsiku lina ndikusenda chimanga ndinapezeka ndaimba nyimbo ya kutchalitchi kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza osasochera. Mchemwali wanga anandiyang'ana n'kunena kuti mphepo ya kwathu yandiyanja. Nanenso ndinaganiza choncho.

Nditabwerera ku Chinyunyu kambale kaja kanayambanso kubwera, ndipo sabata isanathe mimba inatupa, mutu unalemeranso. Ndinapita kukiliniki ndikulira. Ndinapeza namwino wachilendo, mtsikana wa ku Lusaka amene boma linali litangomutumiza kuno. Iye sanafulumire kulemba mankhwala. Anandifunsa chimene ndinkadya ku Katete ndi chimene ndimadya kuno, mobwerezabwereza mpaka ndinayamba kupsa mtima. Kenako ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Kumeneko ananditenga magazi, n'kundiitananso ulendo wina kukandiyeza m'matumbo, ndipo dokotala anandifotokozera kuti mu tirigu muli chinthu chotchedwa guluteni chimene anthu ambiri sichiwavuta, koma matumbo a ena chimawasupula mpaka chakudya chimangodutsa osalowa m'thupi. Magazi amachepa, thupi limafooka, ndipo ena mutu sugwira bwino. Anati palibe jakisoni kapena piritsi. Mankhwala ake n'kusiya tirigu moyo wonse: buledi, mabanzi, vitumbuwa, mabisiketi, ngakhale supu wa m'mapaketi. Anawonjezera kuti matendawa amayenda m'magazi, mwana akhoza kutengera kwa kholo.

Tsiku lomwelo ndinapita kukamuuza mwamuna wanga kumene amalondera. Anaseka mpaka anagwira geti.

"Buledi? Buledi wamene tidya tonse? Ba dokota ba masiku ano nabo."

Ndinakwiya, koma m'basi pobwerera mkwiyo uja unakhazikika n'kukhala nzeru. Ngati mwamuna wanga wokhala m'tauni sakukhulupirira kuti fulawa ingadwalitse munthu, ku Chinyunyu adzakhulupirira ndani? Ndinasunga zimenezo mumtima.

Kusiya tirigu si masewera. Fungo la vitumbuwa pamsewu limakutsatira mpaka kunyumba. Pamaliro anzako akumwera tiyi ndi buledi iwe uli ndi kachinangwa m'chitenje. Ndinaphunzira kuphika chikondamoyo cha ufa wa chimanga ndi nthochi, chouma pang'ono koma chodyeka. Mimba ndi imene inayamba kuchira, kenako mphamvu, ndipo mutu unabwera pomalizira, pang'onopang'ono, patapita miyezi. Panalibe tsiku limodzi limene ndinadzuka n'kunena kuti ndachira. Ndinkangozindikira madzulo kuti lero sindinafunefune mpeni, lero ndamvetsa ulaliki wonse, lero ndakumbukira kuti mbuzi ndinaimangirira pati. Zina sizinabwerere. Zaka zija zili ndi mabowo mpaka lero, sindikumbukira mwana wanga akuchoka mano a kutsogolo. Koma china chinabwera choyera bwino: ndinadziwa kuti masiku aja ankandiuza kuti ndinabwera dzulo, sindinabwere.

Sindinauze munthu kuti ndachira. Kambale kakabwera ndinkalandira ndi manja awiri n'kugwada pang'ono, mlamu akangokhota ndinkanyenyera nkhuku. Nkhuku zanga sizinanenepepo ngati chaka chimenecho. Ndinapitiriza kuyenda mwaulesi, kuyankha mochedwa, kufunsa tsiku la sabata. Masana ndinkapita kukakhala pabenchi la pakantemba, kukamwa kuli yasa pang'ono, maso ali kumsewu. Paja amati wamisala anaona nkhondo. Anthu amalankhula momasuka pamaso pa munthu amene amamuyesa chipupa.

Ndi pabenchi pomwepo pamene ndinamva za mwana wanga. Panabwera mayi wina wa ku Lusaka wogula makala, mnzake wa mlamu, wofuna mtsikana womulerera ana. Anandiloza ndi mlomo kufunsa ngati angalankhule.

"Osayopa, uyu mutu unasila kudala. Azaibala manje manje," anatero mlamu wanga. "Mwana alipo. Kusukulu vamukanga, anatengela amake. Sukulu ikatsekela mubwele mumutenge."

Mwanayo anali pomwepo kumbuyo kwa kantemba akutsuka mabeseni a fulawa. Ndinamuyang'anitsitsa kwa nthawi yoyamba ndi maso oona. Manja owonda, mimba yotupa pansi pa yunifolomu, zilonda m'mbali mwa milomo, nkhope yotuwa. Azakhali ake atamuitana anatembenuka mochedwa, ngati mawu achokera kutsidya la mtsinje. Ndinazindikira kachedwedwe kameneko chifukwa kanali kanga. Mwana wanga ankadya mabanzi otsala m'mawa, masana ndi madzulo. Ndinaluma lilime mpaka ndinamva magazi, koma sindinasunthe pabenchi.

Ndikanatha kupita kwa abusa. Ndikanatha kuitana namwino uja kuti adzafotokoze bwinobwino tonse titakhala pansi. Mwina mwana akanabwerera, mlamu akanati pepani sindinadziwe, anthu akanamutamandanso kuti ndi wodzichepetsa. Zimenezo sindinazifune. Ndinkafuna mwana wanga, ndipo ndinkafunanso kuti mayi ameneyu alawe kukhala munthu amene akalankhula anthu amayang'anana.

Lachinayi lotsatira amayi a chigwirizano ankasonkhana kunyumba kwake. Ndinavala bulauzi yanga yoyera imene inali itakhala m'sutikesi nthawi yaitali, n'kupita. Anadabwa kundiona koma anandipatsa malo pamphasa, kumapeto. Titapemphera kunabwera tiyi, ndipo mwana wanga ndi amene ankazungulira ndi beseni la mabanzi, akugwadira aliyense.

Kwathu kuno chakudya cha m'nyumba ya munthu sichikanidwa. Ngakhale utakhuta bwanji umanyema kachidutswa n'kulawa, kapena umapempha kuti akukulungire. Kukana poyera, makamaka cha wachibale, ndiye kuti wanena mawu amene pakamwa sanganene. Beseni litafika pa ine ndinaika manja kumbuyo.

"Zikomo, ine sindidya."

Mlamu anaseka. "Ba mulamu, tengani. Mwaibala kuti mumavikonda?"

"Sindinaiwale," ndinatero. Ndinalankhula Chichewa cha kwathu, chokhazikika, mawu onse omveka. "Sindinaiwalenso kuti Lolemba munauza mayi wa makala uja kuti adzatenge mwana wanga sukulu ikatsekera. Munavala duku lobiriwira. Munati mutu wanga unatha kalekale."

Makapu anaima m'malere. Mayi wina wachikulire, amene mwamuna wake anali mkulu wa mpingo, anandisuzumira kumaso.

"Mwana wanga, ndiwe wamene ukamba so? Wapola liti?"

"Papita miyezi, amayi."

"Unapita kwa ndani? Ku mapemphelo?"

"Ayi. Ndinangosiya kudya mabanzi."

"Mabanzi yakuti?"

"Ine mabanzi sindinagulepo. Ndinkadya amene ankabwera m'mawa uliwonse."

Kenako ndinanena zoona zonse, ndipo Mulungu ndi mboni kuti sindinasiyeko kanthu. Ndinafotokoza za ku Katete, za namwino, za dokotala wa ku Lusaka, za guluteni wa mu tirigu. Ndinati vuto ndi fulawa ndi matumbo anga. Ndinanena kamodzi, motsitsa mawu, maso ali pansi, ngati mmene amalankhulira munthu amene akuphimba mlandu wa wachibale.

Mayi wachikulire uja anayang'ana banzi limene linali m'dzanja lake.

"Fulawa tidya tonse," anatero, n'kulibweza m'beseni.

Ndinaona maso a amayi aja akuchoka pa ine, wonenepa tsopano ndi wowala nkhope, n'kupita pa mwana amene anaima pakati ndi beseni, wotuwa, mimba ili patsogolo. Mmodzi ananong'oneza mnzake kuti kamwanaka kanali kanzeru kasanasamuke. Wina anathira tiyi wake pansi mwakachetechete. Mlamu anayamba kulankhula mofulumira, kuti iye wandidyetsa zaka zonsezi, kuti walera mwana ngati wake, kuti tifunse madalaivala onse a pamsewu ngati wina anadwalapo. Ankalankhula zoona, ndipo pamene ankachulukitsa mawu m'pamene amayi aja ankayang'anana. Ndinamva kukoma mumtima, sindibisa.

Ndinaimirira, ndinalanda beseni m'manja mwa mwana n'kuliika pansi, n'kumugwira dzanja. Palibe amene ananditsekereza. Tinawoloka msewu opanda ngakhale kachikwama kake. Mwamuna wanga anaimba foni madzulo akukalipa, koma atabwera kumapeto kwa mwezi n'kupeza nkhani ili m'kamwa mwa aliyense, anakhala chete ngati mmene amakhalira nthawi zonse mphepo ikasintha.

Mwana ndinapita naye kwa namwino, kenako ku Lusaka, ndipo anamupeza ndi matenda omwewo. Atasiya tirigu zilonda zinapola, masaya anabwerera, ndipo chaka chisanathe aphunzitsi anasiya kumukhazika kumbuyo. Kuchira kwake kunamaliza mlamu wanga kuposa mawu anga onse. Anthu ankamuona akuthamanga kupita kusukulu n'kumagwedeza mitu. Nkhani inakwera maminibasi. Makondakitala anayamba kudutsa kantemba kaja n'kukagula vitumbuwa kwa amayi a kutsogolo. Uvuni wa dilamu unachita dzimbiri. Pachisankho cha chigwirizano dzina lake silinatchulidwe. Chimene chinamupweteka koposa, ndinamva, chinali cha pamaliro: atangogwira mthiko kuti athandize kuphika, amayi anamuuza mwaulemu kuti apumule, akakhale m'nyumba ndi oimba. Mayi amene kale ankagawa ntchito kukhitchini ya pamaliro aliwonse sankaloledwanso kuyandikira mphika. Wina akandifunsa ndinkayankha kuti ndinanena kale, ndi fulawa. Ankandisisita paphewa n'kunena kuti ndili ndi mtima wabwino.

Mvula yachiwiri itayamba mlamu anabwera kwathu. Anali ataonda. Anakana mpando n'kukhala pansi pakhonde, chinthu chimene sanachitepo pakhomo panga.

"Ba mulamu, imwe muziba kuti sininaikemo kantu."

"Ndikudziwa."

"Nipempako. Ba sista ba kukiliniki bavomela kubwela ku chalichi pa Sondo, bakambe na bantu. Koma bakuti imwe mukaimilile nabo, na mwana. Bantu sibazamvela ba sista beka. Napapata."

Analira. Njala yanga yobwezera inali itayamba kutha, ndipo namwino uja, amene ndili naye ngongole ya moyo, anali atandidzudzula kale kuti bodza loti m'mabanzi munali mankhwala lidzapweteketsa wina, komanso likulepheretsa ena odwala ngati ine kudziwa chenicheni. Ndinavomera. Ndinati Lamulungu ndidzaimirira.

Lamulungu m'mawa ndinavala bulauzi yoyera ndi chitenje cha chigwirizano, n'kukhazika mwana pakati pa miyendo yanga kuti ndimuluke tsitsi mizere ikuluikulu yofulumira. Ndinamuuza kumene tikupita ndi chifukwa chake, kuti azakhali ake sanatithirire mankhwala, ndipo tikanene zimenezo pamaso pa anthu. Anatsamiritsa mutu pabondo langa.

"Amayi, kodi munali kunikumbukila nthawi ija?"

"Nthawi iti?"

"Pamene nenze kwa ba anti. Benze kuniuza kuti mutu wanu unaonongeka, munaibala kuti muli na mwana. Ati ndiye chifukwa simubwela. Nenze kumiona pa windo mukabwela pakhomo, koma benze kukamba kuti mwabwela chabe kupempha mabanzi, nisatuluke, ningamisokoneze." Anakanda bondo lake. "Tsiku lina ninalemba dzina langa pa dzanja kuti nikamionetse ku chalichi. Ba anti ananisambitsa."

Ananena zimenezi mopanda mkwiyo, ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Chipeso chinali m'dzanja langa. Ndinaona khosi lake laling'ono, ndi mzere umene ndinali nditangoyamba kuluka, ndipo ndinamuuza kuti sindinamuiwalepo ngakhale tsiku limodzi, kuti ndinaiwala mchere, mbuzi, mphika pamoto, koma iye ayi. Anagwedeza mutu movomera, koma ndinaona kuti ndi nkhani imene adzafunika kuimva kambirimbiri.

Belu la kutchalitchi linalira. Ndinalowa m'nyumba, ndinavula bulauzi yoyera ija n'kuipinda bwinobwino, n'kuvala diresi langa la kudimba. Foni inalira patebulo, inali ya namwino, ndipo ndinaisiya ilire mpaka inatopa. Ndinabwerera pakhonde, ndinamasula mzere uja, n'kuyamba kumuluka timizere ting'onoting'ono, tija timatenga tsiku lonse.